N'chifukwa chiyani amayamba asanthula pansi pa nyanja asanamange mlatho?

Funso: Ndine kapitawo pa kampani ina yomanga misewu ndi milatho, ndipo ntchitoyi ndakhalitsa nayo. Mnzanga amene anakaphunzira ku Ulaya anandiuza kuti ku Denmark akafuna kumanga mlatho wowoloka nyanja, amayamba atumiza anthu kukafufuza zinthu zamakedzana pansi pa madzi, mwinanso ntchito n'kudikira. Ine ndikuona ngati n'kutaya nthawi ndi ndalama. Pansi pa nyanja pali chiyani kupatula matope? Amaona bwanji mumdima muja? Nanga akapeza golide amatenga ndani?

Yankho: Bambo, mnzanuyo sanakunamizeni. Kudandaula kwanunso ndikukumva, chifukwa munthu amene anaonapo chimakina chokumbira chobwereka chitaima tsiku lathunthu, ndalama zikupita ola ndi ola, sangasekerere atamva kuti ntchito yaima chifukwa cha zibenthu za matabwa. Koma ndiloleni ndiyambe ndi matope mwawapeputsawo, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo.

Mukaiwala khasu m'munda, pakapita madzinja awiri kapena atatu mukapeza chitsulo chokha, mpini chiswe chitadya. N'chifukwa chake ife ofukula zakale tikamakumba pamtunda timangopeza zolimba zokhazokha: miyala, mapale, makala, nthawi zina mafupa. Komatu moyo wa munthu wakale sunali wa miyala yokha. Unali wa mitengo, luzi, zikopa ndi bango, monga ulili moyo wa kumudzi mpaka lero, ndipo zonsezo pamtunda zinaola kalekale. M'matope a pansi pa madzi mpweya sulowa, choncho tizilombo toolesa zinthu sititha kugwira ntchito yake. Nkhwangwa imapezeka ili ndi mpini wake. Chingwe chimapezeka mfundo yake ili chimangire.

Mwina mukudabwa kuti midzi ikafikamo bwanji m'nyanja. Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo madzi ambiri a dziko lapansi anali ataundana kukhala ayezi kumpoto, ndipo nyanja zamchere zinali zotsika ndi mamita pafupifupi 120 poyerekeza ndi lero. Ayezi uja atayamba kusungunuka, madzi anakwera pang'onopang'ono n'kumeza magombe, nkhalango ndi mathiriro a mitsinje. Anthu a nthawi imeneyo ku Denmark anali asodzi ndi alenje, okhala m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Kumwera kwa dzikolo nthaka nayonso yakhala ikutsika, motero mabwinja awo lero ali pansi pa nyanja, ambiri pamadzi osaya, pomwe pomwepo pamene injiniya amakonda kuyambira mlatho wake.

Malo amene anatsegula anthu maso ndi Tybrind Vig, kumadzulo kwa chilumba cha Fyn. Ndi pafupifupi mamita 250 kuchokera kugombe, pamadzi akuya mamita awiri kapena atatu okha, ndipo anakumbapo kuyambira 1978 mpaka 1987 motsogozedwa ndi Søren H. Andersen. Chimene anapeza kwenikweni linali dzala, malo amene anthu a m'mudzimo ankatayako zinthu m'madzi a m'mbali zaka zopitirira 6,000 zapitazo. M'dzalamo munatuluka mabwato osema pa mtengo umodzi, lina lotalika pafupifupi mamita 10. Munatuluka nkhafi zokongoletsedwa ndi zojambula pa tsamba lake, mbedza ya fupa idakali ndi kachidutswa ka chingwe, ndi tizidutswa ta nsalu yoluka ndi ulusi wa zomera. Panalinso manda a mayi ataikidwa pamodzi ndi khanda. Chimene chimandigwira mtima ine ndi bwato lija: chakumbuyo kwake anamatako dongo ndi mchenga posonkhapo moto. Akatswiri ambiri amaganiza kuti motowo unali wowunikira nsomba usiku. Amene anaonapo nyali za asodzi a usipa zitandanda panyanja usiku wopanda mwezi sangavutike kumuona m'maganizo msodzi ameneyu. Pamtunda, mudzi wonsewo ukanangotisiyira mulu wa miyala yosema.

Tsono pamene dziko la Denmark linkamanga njira yowoloka Storebælt, ya makilomita 18 yolumikiza zilumba za Sjælland ndi Fyn, imene inatsegulidwa kwa sitima zapamtunda mu 1997 ndi kwa magalimoto mu 1998, funso silinalinso lakuti kodi pansipo pali kanthu. Funso linali lakuti pa nyanja yaikulu chonchi, tikayang'ane pati. Apa panathandiza nzeru ya katswiri wina, Anders Fischer, imene inachokera kwa asodzi. Iye anaona kuti malo amene asodzi akale a ku Denmark ankatchera mipanda yawo ya nsomba, imene kwathu timaitcha biyo, ndi amtundu umodzimodzi: pamathiriro a mtsinje, pokhwinyata pamene madzi amadutsa mopanikizana, pansonga ya ndomo. Ndiye mukatenga mapu osonyeza kuya kwa nyanja, n'kujambula pamene gombe linali madzi asanakwere, mumadzifunsa kuti ndikanakhala msodzi nthawi imeneyo, mono wanga ndikanautchera pati? Mukatsika pamenepo, kawirikawiri bwinja mumalipeza.

Ndibwere ku funso lanu la mdima. Ntchito siiyambira m'madzi ayi, imayambira patebulo. Amasonkhanitsa mapu akale a oyendetsa zombo, zolemba za m'madoko, mbiri ya nkhondo ndi ya namondwe. Amafunsanso asodzi, chifukwa msodzi saiwala malo amene khoka lake linakodwa n'kung'ambika, ndipo nthawi zambiri chimene chinalikola ndi chombo chomira.

Kenako boti limayenda mizeremizere pamwamba pa njira yonse ya mlatho, ngati munthu wolima mizere m'munda, litanyamula makina oona ndi mawu. Kuwala sikupita patali m'madzi, koma mawu amapita. Makina otchedwa side-scan sonar amakokedwa kumbuyo kwa boti, amatumiza mawu kumanja ndi kumanzere, ndipo mawuwo akagunda chinthu n'kubwerera amajambula chithunzi chokhala ndi mithunzi, ngati mmene chulu ndi zitsa zimaonekera m'munda dzuwa likapendeka. Ena, a multibeam, amayeza kuya malo ndi malo n'kupanga mapu a zitunda ndi zigwa za pansi. Magnetometer imanunkhiza chitsulo ngakhale chitakwiririka: nangula, mzinga, misomali. Palinso makina amene mawu ake amalowa m'nthaka ya pansi pa nyanja n'kuonetsa mmene yasanjikirana, moti mtsinje wakale wokwiririka umaoneka. Pomaliza amakhoma mapaipi pansi n'kuzula dothi monga mmene inuyo mumachitira poyeza nthaka ya maziko. Kunena zoona, zambiri mwa zoyezazi mainjiniya amazifuna kale pa ntchito yawo, ndipo womanga wanzeru amakonza kuti ulendo umodzi wa boti utumikire onse awiri.

Pa kompyuta pamatuluka timadontho mazanamazana tokayikitsa. Tambiri timakhala miyala wamba, matayala, zingwe zachitsulo zotayidwa. Tina timakhala toopsa: m'madzi a Germany okha, ku North Sea ndi ku Baltic, akuti muli matani pafupifupi 1.6 miliyoni a mabomba ndi zipolopolo zotsala pa nkhondo zikuluzikulu ziwiri za dziko lonse. Choncho amayamba atsitsa kamakina kokhala ndi kamera, ndipo pokhapokha pakaoneka chenicheni m'pamene munthu amatsika.

Pano pali chinthu chimene ndikufuna muchigwiritse, chifukwa ambiri ngakhale ophunzira amachiphonya. Makina onsewa amaona chombo, koma saona mudzi. Chombo ndi chachikulu, chili ndi chitsulo, chili ndi mulu wa miyala yolemeretsa. Koma zikhomo za biyo zonenepa ngati chala chamanthu, zitakwiririka mita imodzi m'matope, palibe sonar imene ingazijambule. Lipoti lonena kuti tayendetsa makina ndipo sitinaone kanthu silitanthauza kuti palibe kanthu. N'chifukwa chake ku Denmark amaika chimakina chokumbira pa chombo chafulati, n'kumakumba maenje oyesera m'malo amene mapu a gombe lakale akuloza. Chidebe chilichonse chikakwera, akatswiri amachikhuthula pamwamba pa chombo n'kumapapasa matopewo ndi manja, kufunafuna tizibenthu ta mwala wa flint umene anthu akale ankasemera zida, makala, mafupa a nsomba, zikhokhombe za mtedza. Asanamange mlatho watsopano wa Storstrøm, wolowa m'malo mwa wakale wa 1937, a Vikingeskibsmuseet, nyumba ya ku Roskilde yosungira zombo za ma Viking (amalinyero akale a kumeneko), anafufuza motere ndipo anapeza mabwinja a anthu osema miyala pafupi ndi Orehoved.

Wosambira akatsika, si zimene mumaona m'mafilimu, madzi oyera mbee ndi nsomba zamaangamaanga. Madzi ndi ozizira, obiriwira, ndipo mukangokhudza pansi matope amafuka moti dzanja lanu lomwe simuliona. Mumagona chafufumimba pambali pa felemu ya mita imodzi mbali zonse, dzanja lina litagwira payipi yoyamwa matope, lina likupepesa pansi pang'onopang'ono ngati mayi wouluza madeya. Zonse zimene payipi yayamwa zimakagwera m'thumba la ukonde kuti akazisefe kumtunda. Chala ndicho chimayamba kudziwa: ichi chakuthwa m'mbali, anasema ndi munthu, ichi chofewa ngati nthochi yakupsa, ndi mtengo. Chinthu sachizula msanga. Amayamba achiyeza pamene chagona, n'kuchijambula zithunzi zambirimbiri zimene kompyuta imalumikiza kukhala chifanizo chathunthu, chifukwa nkhafi yodziwika pamene inagona, pafupi ndi chiyani, pansi pa chiyani, imanena zambiri kuposa nkhafi khumi zongotoledwa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuya kukachuluka, mphindi zokhala pansi zimachepa, ndipo mphepo ikauka tsiku lonse lapita.

Chitsanzo chimene chingayankhe mafunso anu onse pamodzi ndi cha Fehmarnbelt, pakati pa Rødbyhavn ku Denmark ndi Puttgarden ku Germany, mtunda wa makilomita 18. Poyamba ankafuna kumangapo mlatho, koma mu 2011 anasankha msewu wodutsa pansi pa nyanja, woyala zigawo za konkire m'ngalande yokumba. Pamadzi amenewa panachitika nkhondo pa 13 Okutobala 1644, pamene zombo za Sweden ndi za Netherlands zinagonjetsa za Denmark. Kafukufuku wa njirayi anafikitsa akatswiri pa zombo ziwiri za tsiku limenelo, zimene anazisanthula mu 2012: Lindormen cha Denmark, chimene chinapsa n'kumira pamadzi akuya mamita opitirira 20, ndi Swarte Arent cha Netherlands. Chachitatu, Delmenhorst, chinapezeka mu 2020, mamita 150 okha kuchokera kugombe la chilumba cha Lolland ku Denmark, pamadzi akuya mamita atatu ndi theka, pamalo amene ankafuna kuthirapo dothi lokumbidwa m'ngalande muja. Chinkaoneka ngati mulu wa miyala, koma pakati pa miyalayo panali matabwa ochindikala ndi zidutswa za mizinga ya mkuwa yosungunuka ndi moto. Taganizani, zaka 376 chili pamphuno pa anthu osambira kugombe.

Koma kwa ine zazikulu zinatuluka ku Syltholm, pafupi pomwepo, pamalo amene anakonza kumangapo fakitale youmbira zigawo za konkire zija. Malowa anali pansi pa nyanja mpaka pamene anthu anamanga zitunda zotchinga madzi pambuyo pa chigumula cha 1872. A nyumba yosungira zakale ya Museum Lolland-Falster anapezapo mipanda ya nsomba yoluka ndi timitengo, ndipo pambali pa mpanda wina panali mapazi a anthu odinda m'matope zaka pafupifupi 5,000 zapitazo, ooneka kuti eniake ankalimbana ndi mpandawo madzi akusefukira. Anapezanso kachidutswa ka utomoni wa makungwa a mtengo wa birch kamene munthu anatafuna n'kulavula zaka 5,700 zapitazo. M'kautomoni kameneka asayansi anatulutsamo DNA (zam'thupi zosunga chibadwa cha munthu) yathunthu ya wotafunayo, ndipo zotsatira zake zinalengezedwa mu 2019: anali wamkazi, wakhungu lakuda, tsitsi lakuda, maso abuluu, ndipo anali atadya bakha ndi mtedza wa m'tchire. Kanthu kochepa ngati njere ya nyemba. Mano a chimakina chokumbira akanakameza pa sekondi imodzi popanda wodziwa, ndipo madzi akatayika saoleka.

Kumbukiraninso kuti mlatho suwononga pamene pakhala zipilala pokha. Inu mukudziwa bwino kuti pomanga msewu pamakhala misewu yapambali, maenje okumbamo dothi ndi malo oimikapo makina. Panyanja n'chimodzimodzi: anangula a zombo zogwirira ntchito amalima pansi, amakumba ngalande zoti zombozo zidutsemo, amakatapa mchenga kwina, amakataya matope kwina. Mlatho ukatha, madzi amayamba kuzungulira pa zipilala n'kumakokolola pansi. Thabwa limene linagona bwinobwino zaka mazanamazana likangovundukuka, kanyongolotsi ka m'nyanja kotchedwa Teredo navalis kamaliboola monga nankafumbwe achitira ndi chimanga, ndipo pa zaka zochepa latha.

Za nthawi ndi ndalama, sindikubisirani: kafukufuku amadya zonse ziwiri. Lamulo la ku Denmark limateteza mabwinja a pansi pa nyanja ndi chombo chilichonse chimene chinamira zaka zopitirira 100 zapitazo, ndipo wolipira kafukufuku ndi mwini ntchito yomanga. Ine ndimaona kuti n'chilungamo, walira mvula walira matope. Koma chimene chimaimitsa ntchito si kufufuza, ndi kufufuza mochedwa. Njira ya mlatho ikadali papepala, kusuntha chipilala kapena kuletsa zombo kuponya nangula pamalo ena n'kosavuta. Makina akafika kale, njira zimatha. Ku Istanbul m'dziko la Turkey, pokumba siteshoni ya Yenikapı ya njanji ya Marmaray kuyambira 2004, anagwera m'doko lakale lokwiririka la mzindawo ndipo munatuluka zombo 37, pansi pakenso mudzi wa zaka zopitirira 8,000. Ntchito inachedwa ndi zaka pafupifupi zinayi, njanjiyo n'kudzatsegulidwa mu 2013. Ngakhale eniake a Roskilde zinawaonekera: pokumba doko la nyumba yawo yosungira zombo za ma Viking mu 1996 ndi 1997, anapeza zombo zina zisanu ndi zinayi pakhomo pawo pomwe, china chotalika mamita oposa 36.

Tsopano golide. Pa ntchito zamtunduwu sapezeka kawirikawiri, ndipo atapezeka si wa wosambira kapena wa kontirakitala. Ku Denmark zotere zimakhala za boma. Pali pangano la UNESCO la 2001, limene linayamba kugwira ntchito mu 2009, lonena za zinthu zimene zakhala m'madzi zaka 100 kapena kuposerapo. Si mayiko onse analisaina, koma mfundo zake akatswiri ambiri amazitsata: zinthuzi si zamalonda, mafupa a anthu alemekezedwe, ndipo njira yoyamba kuiganizira ikhale kusiya chinthu pamene chili. Lindormen sanachivuule, anachifunditsa mchenga ndi miyala. Delmenhorst nachonso anachiyeza, kuchijambula, n'kuchisiya kuti chikwiririke pansi pa gombe latsopano.

Kuipa kwa maso a golide kunaoneka ku Cape Town. Kugombe la Clifton kuli chombo chimene osaka chuma anachipeza m'ma 1980 n'kuchiyesa cha amalonda a ku Netherlands. Akatswiri atachifufuza modekha, poona zitsulo zolemeretsa chombo ndi zolemba zakale, analengeza mu 2015 kuti chinali São José Paquete d'Africa, chombo cha Apwitikizi chimene chinanyamuka ku chilumba cha Mozambique mu Disembala 1794 chitanyamula akapolo oposa 500 kupita ku Brazil. Anthu 212 anafera pamenepo, ndipo opulumuka anakagulitsidwa ku Cape. Amenewo ndi manda a anthu a kuno kwathu kuchigawo chino cha Africa. Ndikhulupirira kuti inunso simungalole munthu kutcha sitima ya Vipya, imene inamira pa nyanja ya Malawi mu 1946 ndi anthu 145, kuti ndi zitsulo zokagulitsa pasikelo.

Chifukwa china chosiyira zinthu pansi n'chakuti kuvuula ndi ngongole yaitali. Mtengo umene wakhala m'madzi zaka zambiri mkati mwake munadyeka, ndipo chimene chaugwira kuti usafwafwanizike ndi madzi omwewo. Ndinaonapo kachikhomo kotere kataiwalika patebulo usiku umodzi: madzulo kanali kosalala, kooneka mipeni ya wosema, m'mawa kanali katang'aluka n'kupindika ngati chikopa choyanika. Kuti mtengo usatero amaulowetsa mankhwala onga phula otchedwa PEG kuti atenge malo a madzi. Chombo cha Vasa, chimene chinamira ku Stockholm m'dziko la Sweden mu 1628 n'kuvuulidwa mu 1961, anachipopera mankhwalawa zaka 17. Chitsulo nacho chimafunika kuchisukulutsa mchere kwa miyezi kapena zaka, apo ayi chimafufuma n'kusweka. Amene alibe ndalama za ntchito imeneyi asavuule.

Inu bambo muli pamalo abwino kuposa ine, chifukwa mumaima pambali pa dzenje tsiku ndi tsiku, ndipo milatho yathu imamangidwa pamadooko ndi pamathiriro pomwe makolo ankawolokera ndi kusodza. Tsiku lina chidebe chikadzakweza bwato lakale, zikhomo zondandalikana, mapale ochuluka kapena mafupa kuchokera m'matope a mtsinje, imitsani makina pamalo pokhapo, ena apitirize kwina. Jambulani ndi foni chinthucho chisanasunthidwe, muike fosholo pambali kuti kukula kwake kuoneke, ndipo mulembe kuya kwake. Musachitsuke, musachipale, musachiike padzuwa. Ngati chatuluka kale, chibwezereni m'madzi kapena chikulungeni m'masaka onyowa ndi pulasitiki pamthunzi, kenako dziwitsani injiniya wanu ndi a nthambi ya boma yoona zakale tsiku lomwelo.